Sabata ya oyimba ku kiliniki ya mawu ku Cairo

Kuno ku Cairo ntchito timayamba Lamlungu n'kuwerukira Lachinayi. Dokotala wathu ndiye amaona kholingo ndi kamera, ine gawo langa ndi kuyeza mawu ndi kuphunzitsa odwala kapumidwe ndi katulutsidwe ka mawu. Ramadan ikangotha maukwati amachita kuthithikana, choncho sabata yathayi benchi inadzaza ndi oyimba amene anali akuzengereza kubwera.

Lamlungu kunabwera mayi wina woyimba tarab, nyimbo za Chiarabu zogwira mtima omvera. Akamalankhula simungaganize kuti pali vuto. Kamera ya stroboscopy, imene imaonetsa timinofu tiwiri ta m'kholingo totulutsa mawu ngati tikugwedera pang'onopang'ono, inangopeza katupidwe kochepa m'mphepete mwa kamnofu kamodzi. Pa fomu ya Voice Handicap Index, ya mafunso 30 imene Jacobson ndi anzake anatulutsa mu 1997, mayiyu anapeza mapointi ochepa zedi mwa 120, kusonyeza ngati vuto ndi lochepa. Nanga fomuyo si imafunsa za kulankhula pa foni ndi kumveka pagulu? Titawapatsa ya oyimba, Singing Voice Handicap Index ya mu 2007, ya mafunso 36 ndi mapointi 144, cholembera chinayamba kugwera kumapeto kwa mzere, kwa "kawirikawiri" ndi "nthawi zonse".

Chimene chatayika sichinaoneke mpaka atayimba. Kiyibodi yathu yoyezera kukwera ndi kutsika kwa mawu ili ndi manoti a piyano, koma maqam, mindandanda ya manoti ya nyimbo za Chiarabu, ngati Bayati, Rast ndi Saba, ali ndi manoti ena okhala pakati pa makiyi awiri oyandikana. Pa kiyibodi mayiyu anakhoza zonse. Kenako anatulutsa foni, n'kuika oud, choyimbira cha zingwe, imene woyimbira wawo anajambula, n'kuyamba layali, kuyimba kopeka pomwepo, mu Bayati. Pa noti yachiwiri ya Bayati, imene piyano ilibe, mawu ankafika n'kutsetsereka. Tokometsera tija amati urab, timene kholingo limagudubuza mofulumira, tinkatuluka tolemera, ndipo pochoka pa qarar, mawu apansi, kupita pa jawab, mawu apamwamba, pankamveka kampata ka mpweya wokhawokha. Anazimitsa foni n'kunena kuti, "Mwamva, doktor? Anthu a ku holo sadziwa dzina la notiyo, koma ikaphonyeka sakuwa Allah." Ineyo ndimaona kuti kuyeza woyimba wa Chiarabu osamuyimbitsa maqam yake n'kuyeza theka la munthu.

Lolemba kunali aphunzitsi a sukulu ndi ana osasa mawu chifukwa chokuwa pa mpira. Zachizolowezi.

Lachiwiri ndiye kunali mkangano. Mnyamata woyimba shaabi, nyimbo za anthu wamba, m'maukwati a mumsewu, amene amapikisana ndi masipika mpaka mbandakucha, shisha, kaliwo wa fodya wodutsa m'madzi, ili pambali, anabwera mawu atathima mwadzidzidzi pakati pa nyimbo. Kamera inaonetsa kamnofu kamodzi kali psuu, magazi atakha mkati, ndi kachotupa kamene timati polyp. Iye ankafuna jakisoni wa cortisone, mankhwala ochepetsa kutupa, basi. Dokotala anakana, chifukwa mankhwalawo amangophwetsa kutupa munthu n'kumadziona ngati wachira, n'kukayimbira pa bala. Atamva za opaleshoni mnyamatayo anagwira pakhosi. "Ya doktor, musandichotsere bahha yanga." Bahha ndi kusasa kuja kumene omvera kuno amakukonda, ndipo pa GRBAS, sikelo yathu yoyezera kamvekedwe ka mawu, kumalembedwa ngati chilema. Kwa iye ndi pamene pamachokera ndalama ya lendi. Mu lipoti ndinalekanitsa ziwirizi: kusasa kumene wakhala nako chiyambire kuyimba, ndi chatsopano chimene akudandaula, kuthima kwa mawu usiku usanafike pakati. Tinamuuza akhale chete kotheratu sabata yonse, ndipo ngakhale kunong'ona ayi, popeza nakonso kumaumiriza kholingo.

Lachitatu anabwera a Sheikh, owerenga Qur'an pa maliro ndi mu mzikiti. Fomu ya oyimba anaibweza mwaulemu, amvekere iwo sayimba. Ndinawawerengera mafunsowo pakamwa, ndikuika kuwerenga paliponse pamene panali kuyimba, ndipo anayankha onse bwinobwino. Vuto lawo linali mpweya. Woyimba akhoza kuba kampweya pakati pa mzere, koma m'malamulo a tajwid, kawerengedwe ka Qur'an, muli malo oimira ndi zilembo zoyenera kukokedwa utali wake, ndiye mpweya ukathera panjira amayenera kubwerera m'mbuyo pang'ono n'kuyambiranso. Nditawauza akoke "aaa" mpweya umodzi, analekeza msanga kuposa mmene bambo wa msinkhu wawo amafikira. Kholingo linali lofiira chakumbuyo, chizindikiro cha asidi wochokera m'mimba. Mwezi wonse wa Ramadan ankatsogolera mapemphero a tarawih usiku ulionse, masana osamwa madzi, kenako n'kudya chakudya cha mbandakucha n'kugona nthawi yomweyo. Chilungulira ankati alibe, ndipo zimenezi n'zofala, asidi amatha kupsereza kholingo pachifuwa osamva kanthu.

Anandifunsa za tiyi wa yansoon, timbewu tonunkhira ta anise, ndi uchi, mankhwala a woyimba aliyense kuno. Ndinati amwe, amafewetsa kummero, koma chakumwa chimadutsa njira ya chakudya ndipo sichikhudza timinofu ta mawu. Chimene chimafikako ndi nthunzi. Tinayamba nawo Accent Method, njira imene anayambitsa Svend Smith wa ku Denmark, ndipo M. Nasser Kotby wa ku Ain Shams University anaifalitsa kwambiri kuno ku Egypt. Munthu amapumira m'mimba, n'kumatulutsa mawu motsatira kugunda kwa kang'oma, choyamba pang'onopang'ono kenako mofulumirirako. A Sheikh anaseka ataona kang'omako, koma kamvekedwe anakagwira msanga kuposa odwala ambiri.

Lachinayi ndi tsiku la malipoti. Cha m'ma 2 koloko mchimwene wake wa mnyamata wa shaabi uja anaimba foni. Usiku wa Lachinayi ndiwo wa maukwati kuno, ndalama ya chikole analandira kale, ndiye amafunsa ngati nyimbo zitatu zokha zingavulaze. Dokotala anati magazi akakhanso pamalo omwewo pakhoza kutsala chipsera, ndipo chipsera cha pa kamnofu ka mawu sichibwerera mwakale. Tinalemba kalata yoti akaonetse eni ukwati, n'kumuika pa ndandanda wa kamera Lachiwiri likubwerali.