Mmene ndinafikitsira chigamba ku kernel ya Linux 6.1

Makompyuta amene ndimayang'anira kuntchito amayendera Debian 12, umodzi mwa mitundu ya Linux, ndipo kernel yake, yomwe ndi mtima wa mapulogalamu onse wolankhula ndi zipangizo, ndi Linux 6.1, yomwe inatuluka mu December 2022 ndipo ili m'gulu la LTS, kutanthauza mitundu imene imasamalidwa kwa zaka zingapo. Ena mwa makompyutawa amalumikizana ndi netiweki kudzera pa kachipangizo ka USB, ndipo tinaona kuti kompyuta ikagonekedwa kenaka n'kudzutsidwa, kachipangizoko sikankagwiranso ntchito mpaka munthu atakazula n'kukabwezeretsa.

Ndinayamba ndi kuyesa kernel yatsopano kwambiri ya kunthambi yaikulu ya khodi, yoyang'aniridwa ndi Linus Torvalds amene anayambitsa Linux, kuti ndione ngati wina anakonza kale vutolo, koma linali lidakalipo. Pogwiritsa ntchito git bisect, imene imagawa mbiri ya khodi pakati mobwerezabwereza mpaka itatsala commit imodzi yokayikitsa (commit ndi kusintha kumodzi kolembedwa m'mbiriyo), ndinapeza pamene vutolo linalowera mu driver, khodi yoyendetsa kachipangizoko. Chigamba chokonzera, kutanthauza kusintha kwa khodi kothetsa vutolo, chinali cha mizere yochepa chabe.

Apa ndi pamene pali lamulo limene limadabwitsa anthu ambiri. Ngakhale kuti ndinkafuna kukonza 6.1, sindikanatha kutumiza chigambacho mwachindunji kwa Greg Kroah-Hartman ndi Sasha Levin, amene amayang'anira nthambi za stable ndi LTS, kumene mitundu yotuluka kale imakonzedwera. Chikalata cha stable-kernel-rules.rst, chomwe chili mkati mwa khodi ya kernel momwemo, chimanena kuti chigamba chiyenera kuyamba chalowa kunthambi ya Torvalds, chisapitirire mizere 100, ndipo chikhale chokonza vuto lenileni limene likusautsa anthu. Ine ndimaliona lamuloli kukhala lanzeru, chifukwa kukonza mtundu wakale wokha kungachititse kuti tsiku limene tidzasamukire ku kernel yatsopano tidzalipezenso vuto lomwelo likutidikira.

Choncho ndinayendetsa scripts/checkpatch.pl kuti ndione ngati kalembedwe kanga kali m'malo, ndi scripts/get_maintainer.pl kuti indiuze oyang'anira gawolo oyenera kulandira imelo. Pansi pa mawu ofotokoza chigambacho ndinaika mizere itatu yofunika. Mzere wa Fixes umatchula zilembo 12 zoyambirira za commit imene inabweretsa vuto, ndipo ndi umene umathandiza kudziwa kuti mitundu yakale yokhudzidwa ikuyambira pati. Mzere wa Cc wopita ku stable umapempha kuti chigamba chikangolowa kwa Torvalds chitengedwenso kupita ku LTS, pamene wa Signed-off-by ndi umboni wanga wakuti ndili ndi ufulu wopereka khodiyo. Woyang'anira anandipempha kuti ndifotokoze bwino zimene wogwiritsa ntchito amaona vuto likachitika, ndinatero, ndipo anachilandira m'nthambi yake asanachipereke kwa Torvalds.

Ku 6.12 ndi ku 6.6 chigambacho chinalowa chokha popanda ine kuchitapo kanthu. Ku 6.1 chinakana, ndipo ndinalandira imelo ya mutu woyamba ndi mawu akuti FAILED, yondiuza kuti ngati ndikufuna kuti chifike kumeneko ndichikonze ndekha. Zinali ngati chigamba chodulidwira malaya atsopano chimene sichikukwana pa akale, popeza pakati pa 6.1 ndi mitundu yapatsogolo function ina (kagawo ka khodi kochita ntchito imodzi) imene ndinaigwiritsa ntchito inali itasinthidwa dzina ndi kaitanidwe.

Panali njira ziwiri. Ndikanatha kupempha kuti atengenso commit imene inasintha function ija, kapena kulembanso chigamba changa kuti chigwirizane ndi khodi yakale. Oyang'anira stable kawirikawiri amakonda kuti khodi ifanane ndi ya kwa Torvalds momwe zingathekere, kuti zigamba zam'tsogolo zizilowa mosavuta, koma commit imeneyo inkakhudza mafayilo ambiri osakhudzana ndi vuto langa, motero ndinasankha njira yachiwiri. Ndinachita git cherry-pick, imene imakopera commit kuchokera ku nthambi ina, pa nthambi ya 6.1, ndinakonza pamene panasemphana, ndinalemba nambala ya commit yoyambirira pamwamba monga malamulo amafunira, ndipo ndinafotokoza mwatsatanetsatane chimene ndasintha ndi chifukwa chake. Kufotokoza kumeneku ndimakutenga kukhala kofunika kuposa khodi yeniyeniyo, chifukwa amene adzafufuze vuto lina pamalo omwewo m'tsogolo adzadalira mawu amenewo.

Chigamba chisanatuluke chimaikidwa pamodzi ndi zina mu mtundu woyeserera, ndipo anthu amapatsidwa maola 48 kuti avomereze kapena akane. M'nthawi imeneyo makina a KernelCI ndi a Linaro amamanga kernel ndi kuiyesa pa zipangizo zosiyanasiyana. Inenso ndinaiyesa pa makompyuta athu n'kuyankha kuti ikugwira bwino. Itatuluka, ndinadikirabe kuti a Debian aitenge ndi kuipereka kudzera mu apt, chida chawo choikira mapulogalamu, pakuti iwo ali ndi ndondomeko yawoyawo.

Pa nkhani ya zinthu zatsopano, khomo ndi lotseka. Driver yomweyo ili ndi njira yatsopano yochepetsera kugwiritsa ntchito magetsi imene ndikanakonda kukhala nayo, koma LTS imangolandira zokonza zolakwika ndi tinthu tating'ono monga nambala zozindikiritsa chipangizo chatsopano. Makampani ena amasenza okha ntchito yobweza zatsopano ku kernel yakale, monga Red Hat imene RHEL 9 yake inamangidwa pa 5.14, pamene Ubuntu imapereka kernel zatsopano zotchedwa HWE kwa ofuna zipangizo zatsopano. Popeza mu 2023 kunalengezedwa kuti LTS zatsopano zizilonjezedwa zaka ziwiri m'malo mwa zisanu ndi chimodzi, ndayamba kuyesa Debian 13, imene ili ndi 6.12, pa makompyuta ochepa tisanasamutse onse.