Kutseka sampu yodontha pa Land Cruiser ya injini ya 1HZ

Sampu ya 1HZ, injini ya dizilo ya masilinda 6 ndi malita 4.2 imene Toyota anayamba kuika mu Land Cruiser mu 1990, ilibe gasiketi ya pepala kapena ya labala. Chimene chimatseka oyilo pakati pa sampu (chotengera oyilo cha pansi pa injini) ndi buloko (thunthu la injini) ndi phala lakuda longa silikoni, lomwe limaumira pamalo pomwepo. Choncho ntchito yonse yagona pa chitsulo choyera ndi chowongoka. Kukungitsa mabawuti sikutseka kudontha, kumangopinda mlomo wa sampu.

Ndisanamasule bawuti ngakhale imodzi, ndimatsimikiza kaye kuti wolakwa ndi sampu. Oyilo amatsika kuchokera pamwamba, mphepo imamukankhira kumbuyo, ndipo amakathera pa sampu chifukwa ndi pomwe pali pansi penipeni. Ndimatsuka injini yonse ndi palafini ndi bulashi, kuumitsa, n'kuwaza ufa wosalala wodzoza ana (pauda) m'mbali mwa buloko ndi kuzungulira mlomo wa sampu. Ndikaliza injini mphindi 20, mzere wakuda pa ufawo umaonetsa gwero. Ukachokera pamwamba, ndimayang'ana gasiketi ya chivundikiro cha mavalavu, fyuluta ndi switchi ya puleshala ya oyilo. Ukadontha pansi pa chigoba cha kilatchi, nthawi zambiri ndi sili ya kumbuyo kwa kirankishafuti, ndipo imeneyo imafuna kutsitsa giyabokosi. Nunkhizani dontholo. Oyilo wa giyabokosi ali ndi fungo lamphamvu la sulufule, pomwe wa injini ya dizilo ndi wakuda bii. Ndimazulanso paipi yopumira ya pa chivundikiro cha mavalavu n'kuona ngati yatsekeka, chifukwa mpweya ukasowa potulukira umakankha oyilo pa malumikizo onse, ndipo sampu yomatidwa bwino idzayambanso kudontha.

Ndimakonzeratu chubu chimodzi cha phala la Toyota lakuda, nambala 08826-00080, kapena silikoni wa RTV wolembedwa kuti ndi wa oyilo wa injini. Silikoni womatira mawindo, wonunkha viniga uja, asayandikire. Pamafunikanso soketi ya 10 ndi ndodo yake yotalikitsira, torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira bawuti) yaing'ono yotha kuwerenga 10 Nm, mpeni wopyapyala wopalira, brake cleaner (mankhwala opopera ochotsa mafuta), washala yatsopano ya pulagi, fyuluta ndi oyilo wa 15W-40. Ndimagula malita 12, popeza injiniyi imamwa opitirira 9 ndipo kukula kwa sampu kumasiyana malinga ndi chaka.

Galimoto ndimaiimika pamalo athyathyathya, kutsekera matayala akumbuyo, n'kuikweza pa chasisi osati pa ekiselo. Mukakweza pa chasisi, ekiselo ya kutsogolo imalendewera ndipo difu imachoka pansi pa sampu, mpata n'kupezeka. Chasisi ikhale pa masitandi achitsulo. Jeke yokha kapena njerwa si zogonera pansi pake, galimoto imeneyi imapitirira matani awiri.

Oyilo ndimakhetsa injini ikadali yofunda. Kenako ndimachotsa chitsulo choteteza pansi ngati chilipo, zitsulo zolimbitsa pakati pa injini ndi giyabokosi zikatchinga mabawuti akumbuyo, ndi waya wa sensa ngati sampu ili nayo. Ndimamasula mabawuti ndi manati onse koma awiri ndimawasiya ogwira pang'ono, kuti sampu ikamatuka isandigwere kumaso.

Apa ndi pomwe sampu zambiri zimawonongekera. Phala lakale limagwira zolimba, ndiye munthu amalowetsa sikuludiraiva yaikulu n'kukanula. Mlomo umapindika, buloko imakandika, ndipo palibe phala lomwe lidzakwirire mkwasa wakuya. Ine ndimalowetsa mpeni wopyapyala pakona, n'kumaumenya cham'mbali ndi hamala yaing'ono kuti uziyenda ukudula phala mpaka kuzungulira. Chakutsogolo ndi chakumbuyo ndimapita modekha, chifukwa pamenepo sampu imakhudza zigoba za aluminiyamu zomwe sizichedwa kukandika. Mpeniwo usalowe kwambiri, mkatimo muli sefa ya paipi yokokera oyilo.

Sampu ikatsika ndimayamba ndaona zomwe zakhazikika pansi pake. Matope akuda ndi achizolowezi. Tizitsulo tonyezimira ngati mkuwa ndi chizindikiro cha mabering'i akutha, ndipo zikatero sinditseka ndisanawaone. Sefa ndimaitsuka. Ndikapezamo timinyololo ta silikoni ndimadziwa kuti amene anamata kale anachulutsa.

Kupala kumatenga nthawi yaitali kuposa china chilichonse. Phala lakale lichoke lonse, pa sampu, pa buloko, m'ngalande ya pa mlomo ndi m'mabowo a mabawuti. Phala lotsalira m'bowo limanamiza torque wrench, imalira bawuti isanakhale. Sandipepa pa buloko sindigwiritsa, mchenga wake umakathera m'mabering'i. Ndikatha ndimagoneka lula yachitsulo pa mlomo wa sampu. Pozungulira mabowo pamakhala potukuka ngati wina anakungitsa, ndiye ndimatsamiritsa mlomowo pa chitsulo chosalala n'kuwongola ndi hamala pang'onopang'ono. Sampu yomenyedwa ndi mwala ndimaithira palafini n'kuona ngati pakunyowa kunja. Mng'alu umawotcheredwa sampu ili pansi, itatsukidwa n'kuuma, osati ili pa galimoto.

Buloko imapitiriza kudontha oyilo kwa maola angapo, ndipo dontho limodzi pa mlomo limakwana kuti phala lisagwire. Ndimaisiya ikhe, kupukuta makoma amkati, n'kumaliza ndi brake cleaner pa nsalu yosathothoka ulusi mpaka nsaluyo ituluke yoyera. Ndimayeseranso kulowetsa sampu youma kuti ndidziwe mokhotera pa difu.

Phala ndimapaka pa sampu, mzere umodzi wosaduka wa mamilimita 4 kapena 5, wodutsa m'mbali mwa mabowo a mabawuti chakumkati kwa sampu. Ukadutsa kunja, oyilo amatsata ulusi wa bawuti n'kutuluka. Pamalo pomwe buloko imakumana ndi zigoba za kutsogolo ndi kumbuyo ndimaonjezera kadontho, chifukwa pali kampata. Sindipaka ndi chala ndipo sindichulutsa, popeza lofinyikira mkati limaduka, kukatseka sefa, injini n'kusowa oyilo. Sampu ikwere pasanathe mphindi 5, phala lisanachite khungu. Ikakhudza penapake n'kufufuta mzere, ndimapukuta zonse n'kuyambiranso.

Mabawuti onse ndimawagwiritsa ndi dzanja kaye, kenako ndimamanga kuyambira pakati kupita kumapeto, uku ndi uko, maulendo awiri, mpaka 10 Nm. Mphamvu imeneyi ndi yochepa kwambiri ndipo dzanja limafuna kuonjezera, koma bawuti za mamilimita 6 zimaduka msanga.

Oyilo sindithira tsiku lomwelo. Maola awiri ndi ochepetsetsa, koma usiku wonse ndi bwino, makamaka m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi. Ndimachotsa kiyi n'kumata pepala pa chiwongolero kuti wina asalize injini youma. M'mawa ndimaika washala yatsopano, fyuluta, n'kuthira oyilo motsatira dipusitiki. Nyali ya oyilo izime pasanathe masekondi ochepa, apo ayi ndimazimitsa pomwepo. Ndimawazanso ufa pa mlomo, kuyenda makilomita 20, kuyang'ana, n'kudzaonanso pakatha sabata.