Nyumba ya azakhali ku Ulongwe, pomwe ndafika ndi zojambulazi

Ntchito yojambula zithunzi za nyumba ya azakhali kuti tiitsatse yasunthako ndithu. Nyumbayo ili ku Ulongwe konkuno, tipo 3 (zipinda zogona zitatu), sala yaikulu, khitchini yamkati ndi ina yapanja, kuseri kuli kadependensiya kachipinda chimodzi. Iwo akusamukira ku Tete kwa mwana wawo. Poyamba ankati agulitse koma mukudziwa kuti kuno ku Mozambique malo ndi a boma, lamulo la malo la 1997 limati malo sagulitsidwa, chomwe munthu amakhala nacho ndi DUAT, chilolezo chogwiritsa ntchito malowo, ndiye nyumba itha kugulitsidwa inde koma wogula wochenjera amayamba wafunsa mapepala asanaone n'komwe penti. Azakhali anangoti a-a, ine mawondo oyendera maofesi ndilibe, ikhale ya lendi basi.

Chomwe chandidyera nthawi si foni ayi, ndi katundu. Chipinda china chinali chodzaza matumba a chimanga ndi mbatatesi mpaka pazenera, musala munali zidebe, njinga yopanda tayala, makalendala a zaka zapita. Zonsezo tinakakocheza kudependensiya. Zithunzi za banja zapakhoma ndinatsitsa zonse, nkhope za adzukulu zisamayende m'magulu a pa Facebook. Pa kabati ya mbale m'pamene tinakanganako pang'ono. "Iwe, kabati yangayo ukuichotseranji, anthu aziona kuti muno mumakhala munthu." Ine ndinati azakhali, wofuna nyumba akufuna aone podzaika zake, osati zanu. Mapeto ake kabati inatsala, koma nsalu zoluka zapamipando zinachoka, ndipo kunena zoona kabatiyo ikuoneka bwino pachithunzi, ikuthandiza munthu kuyeza kukula kwa sala ndi maso.

Kenako laimu kumpanda, penti pakhoma lomwe linada ndi utsi wa mbaula, kukolopa, polishi wofiira pakhonde, magalasi tinapukuta ndi nyuzipepala. Pagalasi pamene ndiye osachita ulesi, fumbi lomwe diso silikuona kamera imaliona dzuwa likangomenya.

Za kuwala tsopano, apa m'pamene pakundisangalatsa. Miyezi ino ya June ndi July dzuwa limadutsa chakumpoto, ndipo mwamwayi khonde la nyumbayi linayang'ana komweko, ndiye kumaso kwake kumawala pafupifupi tsiku lonse pomwe kuseri kumakhala mthunzi ndi kuzizira. M'mawa kuno kumadzuka nkhungu, chithunzi chimatuluka chotuwa ngati wajambulira kuseri kwa neti ya udzudzu. Masana malata amathwanima mpaka denga lonse kungoyera mbee. Zabwino zatuluka cha m'ma 4 koloko madzulo, njerwa zikuoneka zofiira bwino, mthunzi wa mtengo wa mapeyala ukugwera pambali osati pachitseko. Ndikuthamangiranso nyengo, ikangofika September anthu ayamba kutentha tchire, kumwamba kumayera ndi utsi, kapinga yense wauma.

Mkati flash ndazimitsiratu. Makatani onse kutsegula, mababu kuzimitsa chifukwa akasakanikirana ndi kuwala kwa pazenera khoma limodzi limatuluka lachikasu lina labuluu. Foni ndikuigwira pamlingo wa chifuwa, osati pamaso, ndipo ndinayatsa mizere ija ya grid kuti mafelemu a zitseko aime chilili, ukangoipendeketsa pang'ono m'mwamba kapena pansi makoma amaoneka ngati akugwa. Ndimaima pakona kapena pakhomo kuti makoma awiri kapena atatu alowe. Zenera likamayera kwambiri ndimadina pakhoma kaye, kutsitsa kuwala pang'ono ndi chala, HDR ya mufoni, yomwe imalinganiza powala ndi pamdima, imathandiza zotsalazo. Tripod ndilibe, ndikusanjika mpando pa tebulo laling'ono n'kutsamiritsa foni ku njerwa, zikutheka.

Lenzi ya 0.5 ya pafoni, yojambula malo otambalala, ndi yomwe ndikulimbana nayo mumtima. Msuweni wanga akuti uzijambulira yomweyo zonse, zipinda zizioneka zazikulu, maintermediário onse, otsatsira anthu nyumba aja, amatero. Inde chipinda chimakula, koma bedi limatalika modabwitsa, zinthu za m'mbali zimapindika, ndipo munthu akadzafika adzaona yekha. Ofuna nyumba ngati iyi ambiri ndi aphunzitsi ndi anamwino omwe atumizidwa kuno kuchokera ku Tete kapena ku Beira, kapena a ku yunivesite ya UniZambeze kusukulu ya zaulimi ija, anthu oti alipira chapa (minibasi) ulendo wonse uja chifukwa cha zomwe aona pafoni. Ndiye 0.5 ndaigwiritsa kubafa kokha poti kumeneko kulibe kobwerera m'mbuyo, kwina konse ndi lenzi wamba ya 1x, ndipo ndinayeza zipinda ndi tepi kuti ndilembe mamita ake pansi pa chithunzi.

Msuweni yemweyo ankatinso banga la pasiling'i m'chipinda chakumapeto ndingolidula pachithunzi. Ayi, tinaitana mmisiri anasintha lata lomwe linkadontha, bolodi ya siling'i ikudikira kusinthidwa, ikatha ndijambula. Ndajambulanso zinthu zomwe sizokongola koma ndi zomwe anthu amafunsa meseji yoyamba: mita ya magetsi ya Credelec kuti aone kuti ndi yayokha siyogawana ndi aneba, thanki ya madzi, chitsime ndi chivindikiro chake, chimbudzi chamkati ndi chapanja, geti kuti aone ngati galimoto ingalowe. Nambala ya mita ndinaiphimba, ndi nambala ya njinga yamoto ya msuweni yomwe inalowa pachithunzi china.

Chinanso, WhatsApp imafinya zithunzi mpaka matailosi kuoneka ofufutika, ndiye potumiza ndikudina HD kapena kutumiza ngati document, zimadya mamega ambiri koma bola. Kukonza ndikungowongola mizere ndi kuwalitsako pang'ono mu app ya Snapseed, mtundu wa penti sindikuukhudza.

Zatsala ndi chipinda cha siling'i chija, khitchini yapanja yomwe nkhuku zakana kutulukamo, ndi kavidiyo kakafupi koyenda kuchokera pageti mpaka kuseri. Azakhali akuti mtengo wa lendi tisaulembe, anthu aziimba kaye, ine ndikuona kuti tiulembe tisatope ndi mafoni a ongofunsa. Tikambirananso Lamlungu akabwera ku tchalitchi.