Nanga njokayo inanyengedwa ndi ndani?

Kalasi ya lero yatha dzuwa litapendeka kale, ndipo funso limene latichedwetsa likundizungulirabe m'mutu. Tinali pa funso 6 ndi 7 la Katekisimu wa Heidelberg, paja pamene pamafunsidwa ngati Mulungu analenga munthu ali woipa ndi wokhota chonchi. Yankho n'lakuti ayi, anamulenga wabwino, kuipa kunadza ndi kugwa kwa Adamu ndi Hava. Ana amaloweza zimenezi mosavuta. Koma mnyamata wina wa Folomu 3, uja amakhala kumbuyo pafupi ndi zenera ndipo sayankhulayankhula, anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, Adamu anapatsidwa chipatso ndi Hava. Hava ananyengedwa ndi njoka. Nanga njokayo inanyengedwa ndi ndani?"

Mayi amene amatithandiza kuyang'anira atsikana anamudula nthawi yomweyo. "Iwe mwana, zimenezo sizifunsidwa. Ukamamutchulatchula ameneyo ndiye kuti ukumuitana." Mtsikana wina, pofuna kuthandiza, anayala nkhani yonse monga mmene timaimvera pa misonkhano ya chitsitsimutso: kuti Satana anali Lusifala, mkulu wa kwaya kumwamba, wokongola kuposa angelo onse, anachita nsanje, anafuna mpando wa Mulungu, ndipo anathamangitsidwa pamodzi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a angelo dziko lisanalengedwe. Anafotokoza bwino zedi. Ndinangomufunsa kuti zalembedwa pati. Kalasi yonse inayamba kutembenuza masamba.

Apa ndi pamene anthu ambiri amadabwa. Nkhani imeneyi, yolongosoka chonchi kuyambira kumutu mpaka kumchira, mulibe pamalo amodzi m'Baibulo. Ndi zidutswa za mabuku anayi kapena asanu zosokedwa pamodzi, ndipo chidutswa chilichonse chili ndi nkhani yakeyake. Njira yoonera n'njosavuta: vesi lililonse limene mwapatsidwa, bwererani kumayambiriro kwa chaputala, muone kuti amene akuyankhula ndani, akuyankhula kwa yani, ndipo zikuchitika liti.

Tinayamba ndi Genesis 3. Palibe dzina la Satana pamenepo. Pali njoka, yochenjera kuposa zamoyo zonse zakuthengo zimene Yehova Mulungu anazipanga. Kuti njokayo ndi Mdyerekezi timakumva momveka kumapeto kwenikweni kwa Baibulo, pa Chivumbulutso 12:9 ndi 20:2. Abale athu achikatolika ali ndi vesi lina pakati, m'buku la Nzeru 2:24, lonena kuti imfa inalowa m'dziko chifukwa cha kaduka ka Mdyerekezi.

Kenako Yesaya 14:12, kumene kumachokera nkhani ya kugwa kuchokera kumwamba. Ndinamuuza mtsikana uja kuti awerenge vesi 4 kaye. Ndi nyimbo yonyoza mfumu ya ku Babulo. Vesi 16 anthu akumuyang'ana mtembo wake n'kumafunsana ngati uyu ndi munthu uja ankagwedeza dziko. Buku Lopatulika pa vesi 12 limati nthanda, nyenyezi ija imawala m'bandakucha, dzuwa likangotuluka n'kuzimiririka. Jerome pomasulira Baibulo m'Chilatini cha m'ma 400 analemba lucifer, dzina la nyenyezi yomweyo, ndipo mawu omwewo alinso m'Baibulo la Chilatinilo pa 2 Petro 1:19 pamene akunena za kuwala kwa Khristu. Ezekieli 28:12-19 nayo ndi nyimbo ya maliro yoimbira mfumu ya ku Turo, mzinda wa malonda wa m'mbali mwa nyanja, ngakhale kuti chilankhulo chake n'chokwera kwambiri, mpaka kutchula Edeni ndi kerubi. Za ukulu wa kwaya zija zinatuluka pa vesi 13, pamene Mabaibulo ena akale amatchula ting'oma ndi zitoliro, pomwe omasulira ena amati ndi zoikamo miyala ya mtengo wapatali. Vesi limodzi lovuta kumasulira, anthu amangapo ulaliki wa ola lathunthu wodzudzula oimba.

Amene anayamba kuwerenga machaputala awiriwa ngati mbiri ya Satana ndi aphunzitsi akale a mpingo monga Tertullian ndi Origen, cha m'ma 200. Sanali anthu opusa. Ankaona kuti kumbuyo kwa kudzikuza kwa mafumu kuli kudzikuza kwina kwakukulu. Koma John Calvin, mmodzi wa atsogoleri okonzanso mpingo m'zaka za m'ma 1500, pofotokoza Yesaya 14, anakana poyera kuti ndimeyi ikunena za Satana, n'kunena kuti kuwerenga kotero kunabwera chifukwa chosadziwa. Ana anaseka nditawauza zimenezi, chifukwa ankaganiza kuti akuluakulu onse a mpingo amavomerezana pa chilichonse.

Gawo limodzi mwa magawo atatu lija lili pa Chivumbulutso 12:4, pamene mchira wa chinjoka ukukokolola nyenyezi. Nkhondo ya Mikaeli ili pa vesi 7 mpaka 9. Koma taonani ndondomeko yake: nkhondoyo ikudza mwana wamwamuna atabadwa kale n'kukwatulidwira kwa Mulungu, ndipo vesi 11 likuti anamugonjetsa ndi mwazi wa Mwanawankhosa. Yohane akunena za chigonjetso cha Khristu. N'chimodzimodzi Luka 10:18, Yesu akuti anaona Satana akugwa ngati mphezi pamene ophunzira aja anabwerako kolalikira akusangalala kuti ziwanda zinawagonjera.

Mayi aja anayamba kusakhazikika pa benchi. "Ndiye aphunzitsi, mukuti Satana kulibe?"

Ayi ndithu, mayi. Chimene Malemba amanena momveka n'chochepa koma n'cholimba. Akolose 1:16: zonse zinalengedwa mwa Khristu, zooneka ndi zosaoneka, mipando yachifumu ndi maulamuliro omwe. Genesis 1:31: zonse zimene Mulungu anapanga zinali zabwino ndithu. 2 Petro 2:4 ndi Yuda 6: alipo angelo amene anachimwa, osasunga malo awo. Yohane 8:44: Mdyerekezi sanaime m'choonadi, ndi wakupha kuyambira pachiyambi, ndiponso tate wa bodza. 1 Timoteo 3:6 imalozera ku kudzikuza. Mukaika zimenezi pamodzi mumapeza chimene mpingo wakhala ukuphunzitsa: Satana ndi cholengedwa, analengedwa wabwino, anapotoka mwa kufuna kwake. Msonkhano wa mabishopu ku Braga m'chaka cha 561 unatsutsa onena kuti Mdyerekezi anangotuluka mumdima wopanda womulenga. Msonkhano wachinayi wa ku Lateran mu 1215 unati iye ndi ziwanda zina Mulungu anawalenga abwino m'chilengedwe chawo, koma anasanduka oipa pa iwo okha. Chivomerezo cha Belgic cha 1561, cholemba chofotokoza chikhulupiriro cha mipingo ya Reformed, pa mutu 12 chimanena zomwezo. Pa mfundo iyi Akatolika ndi ife sitisiyana.

Ndinaganiza kuti tamaliza. Mnyamata uja anali asanatsitse nkhope.

"Komatu aphunzitsi simunandiyankhe. Ngati anali wabwino, kumwamba kulibe njoka, kulibe njala, kulibe womunyenga, maganizo oipawo anawatenga kuti?"

Kunena zoona mtima wanga unakondwa ndi kukwiya nthawi imodzi. Kukondwa chifukwa mwana wa zaka zosakwana 18 wafika yekha pamene anafika Augustine, mphunzitsi wamkulu wa mpingo wakale. Kukwiya chifukwa mayankho onse achidule amene timapereka pa guwa amathera pomwepa, ndipo nthawi zambiri timabisa zimenezi pokweza mawu ndi kuyambitsa kolasi.

Augustine anabadwira ku Thagaste m'chaka cha 354, dera limene lero ndi Algeria, ndipo anamwalira ali bishopu wa ku Hippo mu 430. Funso lomweli ndi limene linamusunga pafupifupi zaka 9 m'gulu la otsatira Mani, mphunzitsi wa ku Perisiya amene ankati pali maufumu awiri osatha, wa kuwala ndi wa mdima, olimbana kuyambira kalekale. Yankho limeneli limakoma chifukwa limamutsuka Mulungu m'manja. Mtengo wake ndi wakuti Mulungu sakhalanso Wamphamvuyonse, amangokhala mmodzi mwa awiri okokana chingwe. Augustine atatulukamo anaphunzitsa kuti choipa si chinthu cholengedwa chokhala pachokha. Ndi kuwonongeka kwa chabwino. Ndinawapatsa chitsanzo cha mphika: woumba amaumba mphika, saumba mng'alu. Mng'alu sungauone popanda mphika, ndipo ukakula mpaka mphika kutheratu, mng'alu nawonso watha. Motero Satana, pokhala wamoyo, wanzeru ndi wamphamvu, zonsezo ndi mphatso za Mulungu zimene iye wazikhotetsa. Alibe chake chimene analenga.

"Koma mphika sung'aluka wokha," anatero mnyamatayo. "Pamakhala wina waugwetsa, kapena dothi lake linali loipa."

Ndi pomwepo chitsanzo chimathera, ndipo ndinamuvomereza. Mukati wina anaugwetsa, mwangokankhira funso kumbuyo, pakufunika Satana wina wonyenga Satana, ndi winanso kumbuyo kwake. Mukati dothi linali loipa, mlandu wagwera woumba. Augustine m'buku lake lonena za Mzinda wa Mulungu, gawo 12, anatseka njira ziwiri zonsezi. Anapereka chitsanzo cha amuna awiri ofanana m'thupi ndi m'maganizo amene aona munthu mmodzi wokongola, wina n'kugwa m'chilakolako, wina ayi. Chimene aona n'chimodzi, chilengedwe chawo n'chimodzi, chasiyana ndi kufuna kokha. Ndiye anati kufuna koipa musakufunire chochititsa, pakuti ndi kuperewera, kutembenuka kusiya chabwino chachikulu n'kukakamira chaching'ono, ndipo kufufuza gwero lake kuli ngati kufuna kuona mdima kapena kumva chete. Mngelo uja sanasankhe chinthu chotchedwa choipa chimene chinali pambali chikumudikira. Anadzisankha yekha m'malo mwa Mulungu. Cholengedwa chimatha kutero chifukwa chinachokera kopanda kanthu ndipo chimasinthika, pomwe Mulungu sasinthika.

Ena amati pamenepa Augustine anathawa funso. Ine ndimaona kuti anafika pamene funsolo limathera. Tchimo likanakhala ndi chifukwa chomveka bwino bwenzi lili ndi podzikhululukira.

Chimene chikundidya mpaka usiku uno si mnyamatayo kwenikweni, ndi mawu a mayi aja, akuti ukamutchula ukumuitana. Ndi mayi wopemphera, wokonda ana, koma mantha amenewo ndi chiphunzitso cha Mani chitavala chitenje cha mpingo. Tili ndi mapemphero ambiri masiku ano m'mene Satana amatchulidwa kuposa Yesu. Mwana akalephera mayeso, Satana. Bambo akamwera ndalama za feteleza, Satana. Chonsecho Yakobo 1:13-15 amati Mulungu sayesa munthu, koma munthu aliyense amakokedwa ndi chilakolako chake cha iye mwini, chilakolakocho chikaima chimabala tchimo, tchimo likakula limabala imfa. M'ndime imeneyo Mdyerekezi satchulidwa n'komwe. Yesu pa Marko 7:21-23 amandandalika zoipa zotuluka mumtima wa munthu. Ndipo choopsa n'chakuti tikazolowera kufunafuna choipa kunja kwathu, posachedwa timachipezera nkhope, kawirikawiri ya agogo osauka a kumapeto kwa mudzi. Ku Neno mu Januwale 2016 okalamba anayi anaphedwa powaganizira ufiti mtsikana wina atafa ndi mphezi. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo silingachotse zimene munthu wamva pa guwa Lamulungu lililonse.

Mwina ndinayankhula mokweza pamenepa, chifukwa mayi aja anangoti "Chabwino aphunzitsi" n'kuyamba kusonkhanitsa mabuku a nyimbo.

Kuti ana asapite kwawo ndi mantha ndinawatsegulira Yobu. M'chaputala 1 ndi 2 Satana amabwera pakati pa ana a Mulungu ngati woneneza, ndipo sachita kanthu asanaloledwe. Pa 1:12 aloledwa kukhudza chuma koma osati thupi la Yobu. Pa 2:6 aloledwa thupi koma osati moyo. Malire amaika ndi Mulungu. Pa Zekariya 3:1-2 waima kudzanja lamanja la Yoswa mkulu wa ansembe kuti amuneneze, ndipo Yehova angomudzudzula, nkhani n'kutha. Ndinkafuna aone kuti ameneyu si mnzake wa Mulungu wolingana naye mphamvu.

Koma chitonthozo chimenechi chili ndi minga yake, ndipo mnyamata uja anaiponda tisanatuluke n'komwe pakhomo. Ngati malire amaika ndi Mulungu, ndiye kuti ana khumi a Yobu anafa Mulungu atavomera. Anandiperekeza mpaka pa mjigo akufunsabe. Ndinamuonjezera ina yoti akaione kunyumba, poti kumubisira n'kulakwa: 2 Samueli 24:1 imati mkwiyo wa Yehova ndi umene unautsa Davide kuti awerenge Aisraeli, pomwe 1 Mbiri 21:1, pofotokoza nkhani yomweyo, imati anali Satana. Anthu 70,000 anafa ndi mliri umene unatsatira. Aphunzitsi a mpingo amagwirizanitsa mavesi awiriwa ponena kuti Mulungu analola, Satana anasonkhezera, Davide anachita mwa kufuna kwake, ndipo aliyense mwa atatuwa anali ndi cholinga chosiyana. Chivomerezo cha Westminster, cha mipingo ya Chipresibiteriyani, chimati Mulungu anakonzeratu zonse zochitika, komabe iye si mwini tchimo. Ndimakhulupirira zimenezi. Kuzinena kwa mwana amene bambo ake anawaika m'manda chaka chatha, monga ndamva kwa anzake titabalalika, ndi nkhani ina.

Sabata yamawa tili pa funso 9 mpaka 11, ndipo funso 9 limatchula kusonkhezera kwa Mdyerekezi pamodzi ndi kusamvera kwadala kwa munthu m'chiganizo chimodzi. Mnyamatayo wanena kuti abwera ndi Yobu 2:3, pamene Mulungu mwini akuuza Satana kuti wandiutsa ndimuwononge popanda chifukwa. Akufuna ndimufotokozere mawu akuti popanda chifukwawo.