Nyumba kaye, zina pambuyo

Banja likasowa pokhala, ambiri amati liyambe lagona kumalo ongoyembekezera, makolo apeze ntchito, asiye mowa ngati amamwa, kenako ndiye lipatsidwe nyumba. Ine maganizo amenewa sindigwirizana nawo. Munthu angasake bwanji ntchito alibe posamba, alibe posunga zovala, dzuwa likulowa asakudziwa kuti ana agona pati?

Mu 1992 ku New York, Sam Tsemberis anayambitsa bungwe la Pathways to Housing ndi mfundo yakuti munthu apatsidwe nyumba kaye, chithandizo cha mankhwala ndi uphungu chizimupeza ali m'nyumbamo. Dziko la Finland linatengera njirayi mu 2008. Malo ena ogona chigulu anawasandutsa nyumba za aliyense payekha, wokhalamo n'kusainira yekha pangano la lendi. Osowa pokhala kumeneko anali oposa 18,000 mu 1987, koma pofika 2022 anali osakwana 4,000.

Mabanja ambiri sikuti ndi aulesi ayi. Ntchito inatha, lendi inakwera, kapena mayi anathawa nkhanza atabereka mwana kumbuyo. Oterewa safuna zambiri: wina wowalankhulira kwa landilodi, ndalama ya dipoziti, lendi ya miyezi ingapo, basi. Ana osadukiza sukulu.

Pamene pamandidetsa nkhawa ndi apa: thandizolo likatha lendi ikadali yokwera, ena amabwereranso pamsewu. Boma lomwe likulipirira anthu lendi lizimanganso nyumba zotsika mtengo, apo ayi lizingolipirira mabanja omwewo kawirikawiri.