Sabata ya mwera pa bizinesi yanga ya nsomba ndi mpunga

Ntchito yanga ndi yogulitsa nsomba zouma ndi mpunga kwa anthu okhala mumzinda wa Lilongwe, pomwe ine ndimakhala kuno ku Salima, kufupi ndi Kamuzu Road. Ndilibe shopu kapena benchi mumsika. Makasitomala amandipeza pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndalama amatumiza pa Airtel Money, pa Mpamba kapena ku banki, ndipo katundu wawo amakwera minibasi pa msewu wa M14, ulendo wa makilomita pafupifupi 100. Anthu ambiri akamva kuti ndimagulitsa pa intaneti amaganiza kuti ndimaswera pakhonde ndikudinadina foni, koma sabata yathayi, imene mwera unavuta panyanja, foniyo ndi imene inagwira ntchito yochepa kuposa miyendo yanga.

Bizinesiyi ndinaiyamba banja langa litatha. Tili pabanja tinali ndi golosale, ndipo amene ankakhala pakauntala, kulemba katundu wolowa ndi wotuluka ndiponso kulondola angongole ndinali ine. Komabe chiphaso cha golosaleyo, akaunti ya ku banki ndi nambala ya foni imene ogulitsa katundu ankaidziwa, zonse zinali m'dzina la bambo a ana anga. Lamulo la maukwati ndi kutha kwa mabanja la chaka cha 2015 limauza khoti kuti pogawa katundu liziganiziranso zimene aliyense anathandiza pabanjapo, kuphatikizapo ntchito zapakhomo, ndipo khoti silinandimane gawo langa. Chimene khoti silingagawe ndi dzina la munthu pa malonda. Ndinatuluka ndi ana awiri, firiji ndi ziwiya, koma panalibe wopikulitsa katundu ngakhale mmodzi amene akanandikongoza katoni ya sopo, chifukwa kwa iwo ine ndinali mkazi wa mwini golosale basi. Firijiyo ndinaigulitsa, ndinaonjezera kangongole ka ku banki mkhonde, ndipo ndalama zimenezo ndi zimene zinakhala mpamba woyambira. Nambala ya foni imene ndimagulitsira lero ndinailembetsa ndi chiphaso changa cha unzika.

Lolemba ndi tsiku lotseka maoda. Amene akufuna katundu wa sabata imeneyo amayenera kukhala atalipira dzuwa lisanalowe, ndipo amene sanalipire samalowa m'kope, kaya ndi mnzanga wa kusukulu kaya ndi wachibale. Ena amaona ngati ndi nkhanza, koma munthu wa mpamba wochepa sangathe kugula nsomba ndi ndalama zake kenaka n'kumadikira kuti wogula alandire kaye malipiro a kumapeto kwa mwezi. Lolemba lapitali maoda anali ambiri a usipa wofutsa, angapo a chambo chowamba, ndi mpunga wochuluka ndithu. Oda imodzi inachokera kwa mayi wina wogwira ntchito ku Johannesburg, amene amatumiza ndalama pa Mukuru kuti ndikapereke ndiwo ndi mpunga kwa makolo ake ku Kawale. Makasitomala oterewa ndimawasamala kwambiri, popeza munthu amene ali kunja akakhulupirira kuti katundu amafikadi kwa amayi ake, sasinthanso wogulitsa.

Lachiwiri ndinalawirira ku Senga Bay, ndipo ndisanafike n'komwe pagombe ndinadziwa kuti zinthu sizili bwino, chifukwa mathandala oyanikapo nsomba anali pululu. Mwera, mphepo ija yochokera kumwera imene imawomba m'miyezi yozizira, unali utakula usiku wonse, moti maboti ambiri sanalowe m'madzi. Usipa amaupha usiku: bwato lokhala ndi nyali limatsogola kuti nsombazo zisonkhane pa kuwalako, kenaka anzawo amazinga ndi khoka la chilimira. Ntchito imeneyi imafuna nyanja yabata ndi mdima, n'chifukwa chake mwezi ukamawala kwambiri kapena mafunde akakula, usipa umasowa ndipo mtengo wa ndowa umakwera tsiku lomwelo. Ogula a ku Area 47 sadziwa zimenezi, ndipo palibe chifukwa choti azidziwire, koma ine ndinali nditalandira kale ndalama zawo pa mtengo wa sabata yapitayo.

Mayi amene amandifutsira ndi kundiyanikira usipa ndi wachikulire, ndipo ndakhala ndikugula kwa iwo chiyambire bizinesiyi. Anandiwonetsa wochepa umene anasunga, nati: "Mwana wanga, uwu ndakusungira iwe, koma wotsalawo usadikire. Mphepo iyi sileka lero kapena mawa." Ndinawafunsa kuti, "Nanga amayi, utaka wowamba ungapezeke kwa ndani woti ndisachite nawo manyazi?" Anandiperekeza okha kwa mlamu wawo, ndipo anayamba iwo kununkhiza ndi kuthyola nsombayo asanandilole kuti nditulutse ndalama. Ubale woterewu sulembedwa pa Facebook, koma bizinesi yanga yatsamira pamenepo.

Panali njira yachidule, yochepetsa muyezo wa paketi iliyonse mwakachetechete kapena kusakaniza usipa wabwino ndi wakale umene wayamba kuwawa. Ogulitsa ena amachita zimenezi, ndipo mumsika zimatheka chifukwa wogula wa lero mwina sudzamuonanso. Pa foni sizitheka, popeza kasitomala wokhumudwa amajambula nsombazo n'kuziika pa gulu la WhatsApp la kuntchito kwake kapena la kumpingo, ndipo pofika madzulo anthu onse amene unawapeza movutikira amakhala atamva. Choncho ndinakhala pansi pa mtengo n'kuyamba kuimbira aliyense payekha, kumufotokozera kuti asankhe pakati pa kulandira usipa wochepa, kusinthira ku utaka, kapena kubwezeredwa ndalama zake. Ambiri anasankha utaka. Bambo wina anakwiya, nati, "Mayi, ine ndinalipira usipa, za mphepo zanuzo sizikundikhudza." Sanalakwe. Ndinamubwezera ndalama zake zonse nthawi yomweyo, ndipo mtengo wotumizira ndinalipira ine.

Lachitatu linali la mpunga. Ndimagula kwa alimi a ku Lifuwu, kumene kuli sikimu ya mpunga, ndipo ndimakonda kugula wosapuntha kuti ndikaimirire ndekha pachigayo, chifukwa mpunga wosauma bwino kapena wouma mopitirira umasweka kwambiri, pomwe anthu a mumzinda amalipira mtengo wabwino pa mpunga wathunthu ndi wonunkhira. Magetsi anazima tisanamalize, tinadikira mpaka masana. Ino ndi nyengo imene mpunga umatsika mtengo chifukwa alimi angokolola kumene, ndipo amene ali ndi ndalama akugula matumba ambiri kuti adzagulitse mvula ikadzayamba. Pachigayo pomwepo munthu wina anandiuza kuti akhoza kundibwereka ndalama ya katapila kuti nanenso ndisunge matumba. Ndinakana. Mpunga wosunga umabweza ndalama patapita miyezi, pomwe katapila amafuna chiwongoladzanja chake mwezi ukangotha, ndipo ndinaonapo kale mmene mpamba umasungunukira munthu asanalakwe kanthu: mu November 2023, ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya mayendedwe, majumbo ndi makatoni inakwera m'masabata ochepa, ndipo ndalama imene inkandikwanira maoda onse inayamba kuperewera.

Lachinayi m'mawa sindinagwire ntchito ya bizinesi, ngakhale kuti nkhani yake imakhudza bizinesiyo kuposa china chilichonse. Ndalama yothandizira ana imene khoti linalamula imabwera modumphadumpha, ndipo mwezi uno sinabwere. Amalume, amene anali nkhoswe ya banja lathu, anandiimbira kuti, "Mphwanga, popeza malonda akuyenda, bwanji nkhaniyi ungoisiya, anthu angamati ukulimbana ndi mwamuna amene munasiyana." Ndinawayankha mwaulemu kuti, "Amalume, ndalamayo si yanga kuti ndiikhululuke, ndi ya ana." Ndinapita kukalembetsa dandaulo monga mwa dongosolo lake. Komabe pokonza bajeti ya mwezi sindiiwerengera ndalama imeneyi ngakhale pang'ono, pakuti akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Lendi, chakudya ndi fizi zimayenera kutuluka m'phindu la nsomba ndi mpunga, ndipo ya bambo awo ikabwera imapita ku nsapato, mayunifolomu ndi mabuku.

Apa ndi pamene pali vuto lenileni la mayi amene akulera yekha ana kwinaku akuyendetsa bizinesi yaing'ono. Ndalama za makasitomala, mpamba ndi ndalama ya ndiwo zimalowa mu foni imodzi, ndipo mwana akadwala usiku palibe amene amakufunsa kuti ndalama imene ukutapayo ndi ya gawo liti. Ine ndili ndi mizere iwiri ya foni: wina ndi wa bizinesi, wina ndi wa pakhomo, ndipo Loweruka lililonse ndimadzilipira ndekha ndalama yofanana, kaya sabatayo yayenda bwino kaya ayi. Masana a Lachinayi lomwelo ndinakapereka masheya ku banki mkhonde. Amayi anzanga a m'gululi amadandaula kuti ndimabwereka pang'ono, motero sindikuza chiwongoladzanja chodzagawana pakutha pa chaka, koma ine ndimabwereka pokhapokha oda ili kale m'manja.

Lachisanu ndi lotumiza katundu. Ndinadzuka usiku kuyeza pasikelo, kumata mapaketi ndi kulemba dzina pa katoni iliyonse, nsomba pazokha ndi mpunga pawokha kuti fungo lisalowerere. Ndili pa siteji, munthu amene sindinagulitsanepo naye anatumiza uthenga wooneka ngati wochokera ku kampani ya foni, wonena kuti ndalandira ndalama ya matumba awiri a mpunga, kenaka anaimba mondifulumizitsa kuti ndikweze katunduyo pa minibasi imene inali kunyamuka. Uthengawo unachokera pa nambala wamba, ndipo nditayang'ana ndalama zotsala mu akaunti yanga sizinasinthe. Nditamuuza zimenezi anadula foni. Akuba amtunduwu amadalira changu cha wogulitsa, choncho chithunzi cha risiti kapena uthenga wotumiziridwa sindiuyesa umboni.

Katundu weniweni ananyamuka ndi kondakitala amene ndimamudziwa, ndipo ndinajambula makatoni ndi nambala ya galimoto n'kutumizira mng'ono wanga, amene amalandira katunduyo ku Lilongwe ndi kumugawa pa kabaza wa njinga yamoto. Minibasi inachedwa pa Mvera, moti a ku Area 25 analandira kutada, koma pofika usiku aliyense anali atatsimikiza, kuphatikizapo makolo aja a ku Kawale.

Loweruka ndinawerengetsa. Pa usipa sindinapindule kanthu, utaka unabweza ndalama yake ndi kakang'ono pamwamba, ndipo mpunga ndi umene unalipira mayendedwe, bandulo ya intaneti ndi malipiro anga. Mpamba sunakhudzidwe. Atatu mwa amene analandira utaka apempha kuti ndiziwatumiziranso, kotero ndauika pa mndandanda wa katundu wanga. Ndalengezanso pa status kuti m'miyezi ya mwera mtengo wa usipa ndizitsimikiza Lachiwiri m'mawa ndikafika pagombe, ndipo amene walipira kale adzakhala ndi ufulu wosintha kapena kubwezeredwa. Malo ena ogona alendo kunyanja afunsa ngati ndingamawapatse mpunga mwezi ndi mwezi, koma akufuna chiphaso cha bizinesi ndi nambala ya msonkho ya ku MRA asanasaine chilichonse. Mafomu olembetsera bizinesiyo ndayamba kale kudzaza, ndipo ndalama yolipirira ichokera pa phindu la mpunga wa sabata ziwiri zikubwerazi.