Kabuku kakale ka ndakatulo zoseketsa ku Nkhotakota

Kuchoka ku Salima kukafika ku Nkhotakota ndi makilomita pafupifupi 110 pa msewu wa M5, kudutsa pa Khombedza, Benga ndi pa mlatho wa Chia pomwe amagulitsa nsomba. Alendo ambiri akafika amangoona mkuyu pomwe David Livingstone anakumanirana ndi Jumbe, mfumu yochita malonda a akapolo, mu 1863, basi n'kubwerera. Komatu kuno ndi kwa mishoni yakale. Amishoni a Anglican a UMCA anakhazikika mu 1894, ndipo m'nyumba za mabanja ena a aphunzitsi akale mukadali masutikesi achitsulo odzaza mabuku.

M'sutikesi yotere ndi momwe munatuluka kabuku ka ndakatulo zoseketsa, kopanda tsamba loyamba, m'mphepete mwake mphemvu zitanyenyeramo. Ndakatulo zake ndi zoseka mkamwini waulesi, msodzi wodzitama wobwera ndi bwato lopanda kanthu, kalaliki wovala tayi dzuwa likuswa mtengo. Powerenga chamumtima simungaseke kwambiri. Ziwerengeni mokweza pakhonde, agogo ali pomwepo, mumva pomwe mlakatuli anatchera msampha wake.

Chaka chimene buku linasindikizidwa chikasowa, yang'anani mtengo kuchikuto. Ukalembedwa ngati 1/6, ndiye shileni imodzi ndi makobiri 6, kutanthauza kuti bukulo linasindikizidwa kwacha isanabwere mu 1971. Mawu akuti Nyasaland akubwezani kuseri kwa 1964. Kalembedwe nakonso kamaulula: mabuku ambiri akale amalemba "c" pomwe ife timalemba "ch", monga Cinyanja kapena ciani, ndipo dzina la boma lino linkalembedwa Kota Kota.

Chimene chimapha mabuku kunyanja kuno ndi chinyontho, kenako manja a anthu ofuna kuthandiza. Selotepi musayerekeze, pakapita zaka imasanduka yachikasu n'kusiya banga losachoka, ndipo poimatula imanyamula zilembo. Phala la chinangwa limamata bwino, inde, koma limaitana mphemvu ndi chiswe. Kuyanika padzuwa kumaumitsa pepala mpaka kuthetheka ngati tsamba la fodya.

Buku likanunkha chuku, liimikeni chotsegula pamthunzi podutsa mphepo kwa masiku awiri kapena atatu, ndipo likauma sesani chukucho ndi kaburashi kofewa, muli panja. Timawaya tapakati tikachita dzimbiri, tiwongoleni pang'onopang'ono ndi nsonga ya mpeni, mutichotse, musoke ndi ulusi woyera m'mabowo omwewo. Masamba omatana asiyeni momwemo, musakakamize.

Jambulani tsamba lililonse ndi foni musanayambe kukonza chilichonse, chifukwa pepala lakale limatha kung'ambika pomwe simunayembekeze. Mukatha, bukulo likulungeni m'pepala loyera, osati m'jumbo yomwe imatsekera chinyontho mkati, ndipo muliike pashelefu yotalikirana ndi khoma komanso pansi. Nyengo ya dzinja muzilitsegula kamodzi pa mwezi kuti lipitidwe mphepo.